Njinga Yamoto ku Soweto: Zoyenera ndi Zosayenera

Marikiti ya Soweto ku Lusaka imadzuka kusanache. Malole a tomato, kabichi ndi anyezi amakhala atafika kale, anyamata a mawilibala aja timati a Zamcab ali pikitipikiti, minibasi zikuima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja. Mu Lumumba Road mumadutsa malole a katundu wolemera, ndipo Los Angeles Road imakhuthulira m'tauni khamu la ku Kanyama. M'chipwirikiti chimenechi ndi momwe njinga yamoto imapezera ndalama, chifukwa thumba la anyezi lifika msanga ku Kabwata kapena ku Kabulonga pomwe galimoto idakali pamzere. Koma apolisi amawerenga anthu pafupifupi 2,000 ofa pa misewu ya Zambia chaka chilichonse, ndipo chigawo cha Lusaka ndicho chimatsogola pa kuchuluka kwa ngozi. Wanjinga akagundana ndi galimoto, wopita kuchipatala ndi iye, ngakhale wolakwa akhale winayo. Akatuluka m'chipatala, nkhani ya amene alipire imagamulidwa ndi mapepala, osati kukula kwa bala.

Pamutu

Zoyenera: Valani helimeti yokukwanani, ndipo mangani lamba wake pansi pa chibwano. Bungwe la WHO limati helimeti yabwino imatha kuchepetsa mpata wovulala ubongo mpaka ndi 74 pa 100. Wokwera kumbuyo naye akhale ndi yake. Lamulo limafuna zimenezi, ndipo ngati mwavulala mulibe helimeti, khoti likhoza kukudulani chipukuta misozi ponena kuti mbali ina ya kuvulalako munadzichititsa nokha.

Zosayenera: Musaipachike pachigongono kuti muivale mukaona a bungwe loona za pamsewu la RTSA. Chisoti chapulasitiki cha omanga nyumba si helimeti. Chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, osati mutu womenyeka pa tala. Helimeti yomwe inagwapo kale pangozi itayeni, ngakhale kunja ikuoneka yabwinobwino, poti zofewa za mkati zija zikaphwanyika sizibwereranso.

Pafupi ndi lole ndi minibasi

Zoyenera: Khalani pomwe dalaivala akukuonani. Ngati inu simukuona nkhope yake pagalasi lam'mbali, iyenso sakukuonani. Yatsani nyali ngakhale masana, ndipo valani chovala chowala chija. Mukaona minibasi yaima, yembekezerani zinthu ziwiri: mayi wa beseni pamutu atulukira kutsogolo kwake, kapena minibasiyo ibwerera mumsewu popanda indiketa.

Zosayenera: Musalowe kumanzere kwa lole pamphambano. Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe anyamata ambiri amadzinamiza. Lole yaitali ikafuna kukhotera kumanzere, imayamba yapatukira kumanja kuti ngolo yake ikwane. Wanjinga amaona mpata watseguka pakati pa lole ndi ngalande, n'kulowamo. Kenaka mutu wa lole ukhota, matayala akumbuyo adula njira yachidule, mpata uja n'kutsekeka iye ali momwemo. Hutala yanu dalaivala saimva, ndipo kothawira kulibe. Mu Lumumba Road muli mphambano zambiri zotere. Masekondi khumi oima kumbuyo kwa lole saoletsa tomato.

Katundu ndi okwera

Zoyenera: Mangani katundu pansipansi, molimba, osaphimba nyali yakumbuyo ndi nambala. Wokwera akhale mmodzi, mapazi ake afike popondera.

Zosayenera: Mayi, mwana ndi thumba la makala pa njinga imodzi, ayi. Mabuleki sanapangidwire katundu wotere. Mwana pa thanki ya petulo ndiye woyamba kuuluka.

Njira zotuluka m'tauni

Zoyenera: Pa malaundabauti a Kafue, Kabwe, Woodlands ndi Kabulonga, patsani njira wochokera kumanja, ndipo tsatani mzere umodzi mpaka mutuluke. Maloboti akazima chifukwa cha magetsi, monga tinazolowera mu 2024, imani kaye, muonane maso ndi dalaivala winayo, ndiye mudutse. Nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, chepetsani liwiro: madzi odikha mozungulira marikiti amabisa maenje ndi ngalande zosavundikira, ndipo matope osakanikirana ndi masamba a kabichi amaterera kuposa madzi.

Zosayenera: Musapusitsidwe ndi msewu wabwino. Great East Road yopita ku Chelstone, ndi milatho yake ya pa Arcades ndi pa Munali, imakopa dzanja kuti lipotokole mafuta, koma ana a sukulu ndi odwala opita ku chipatala cha Levy Mwanawasa amawoloka momwemo. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands choopsa ndi galimoto yotuluka pageti la mpanda wautali, dalaivala akuyang'ana magalimoto anzake okha. Foni ya kasitomala wofunsa kuti "mwafika pati?" muiyankhe mutaima. Za mowa sindichulutsa mawu: botolo limodzi pa matayala awiri ndi lambiri.

Mapepala

Zoyenera: Khalani ndi layisensi ya njinga yamoto, ya gulu A kapena A1 malinga ndi kukula kwa injini. Layisensi ya galimoto siilowa m'malo mwake. Njinga ikhale yolembetsedwa ku RTSA, msonkho wa pamsewu wolipira, ndi inshuwalansi yomwe siinathe. Lamulo la Road Traffic Act No. 11 la 2002 limafuna kuti chilichonse cha injini choyenda pamsewu chikhale ndi inshuwalansi, yochepetsetsa ikhale ya third party. Mvetsani bwino ntchito yake: imalipira munthu amene inu mwamuvulaza, osati mwendo wanu kapena njinga yanu. Ilinso ndi malire, ndipo khoti likagamula ndalama zoposa malirewo, zotsalazo zimachokera m'thumba mwanu. Pogula, nenani zoona za ntchito ya njingayo. Ngati mumanyamula katundu wa malonda kapena anthu olipira, funsani ngati pepalalo likukhudza zimenezo, ndipo yankho likhale lolembedwa. Safunsa anadya phula.

Zosayenera: Musagule njinga popanda white book, ndipo mukagulitsa yanu musasiye dzina lanu m'kaundula. Tsiku lomwe idzagunda munthu, apolisi adzatsata nambala, ndipo nambalayo idzawafikitsa pakhomo panu.

Kwa eni njinga

Zoyenera: Inu abwana amene munagula njinga ziwiri kapena zitatu n'kupatsa anyamata, onani layisensi ndi maso anu, sungani fotokope yake, ndipo lembani pangano. Matayala ndi mabuleki ndi udindo wanu.

Zosayenera: Musaganize kuti mlandu ndi wa mnyamata yekha. Wantchito akavulaza munthu ali pantchito yanu, lamulo limalola wovulalayo kusumira inunso, ndipo maloya amadziwa kuti wa chuma ndinu. Kupereka njinga kwa munthu wopanda layisensi ndi mlandu paokha, komanso kumapatsa kampani ya inshuwalansi chifukwa chokanira. Ndalama ya tsiku yomwe mumamuikira mnyamata isakhale yoti aikwanitse pokhapokha atadumpha maloboti ofiira. Ine ndimaona kuti liwiro lambiri la anyamatawa limayambira pa kashingi yomwe abwana amafuna madzulo.

Ngozi ikachitika

Zoyenera: Imani. Zimitsani injini, ikani munthu wochenjeza magalimoto obwera, imbani 991 ya apolisi kapena 983 ya RTSA. Pomwe pakutuluka magazi dinikizani ndi nsalu yoyera. Wovulala kwambiri anyamulidwe ndi anthu angapo, mutu, khosi ndi msana zili mowongoka, apite ku UTH, ku Levy, kapena ku chipatala chapafupi monga cha Kanyama kapena Chilenje. Jambulani malo, nambala ndi disiki ya inshuwalansi ya winayo zinthu zisanasunthidwe. Tengani manambala a foni a mboni nthawi yomweyo. Amayi ogulitsa m'mphepete mwa msewu amaona zonse, koma mawa mudzapeza pakhala ena.

Zosayenera: Musamuvule helimeti wovulala ngati akupuma, musamumwetse madzi, musamukweze panjinga ina. Musathawe. Ndikudziwa kuti pa marikiti khamu limasonkhana mwachangu ndipo manja amayabwa. Ngati moyo wanu uli pachiswe, chokanipo, koma lunjikani ku polisi, kaya ku Central mu Church Road, ku Kabwata, ku Woodlands kapena ku Chelstone, mukanene nokha. Wodzipereka ndi wogwidwa patapita masiku atatu saonedwa mofanana kukhoti.

"Tikambirane, bwana"

Zoyenera: Ngati munthu wavulala, nkhani ipite ku polisi tsiku lomwelo. Tengani fomu ya apolisi yoti adokotala alembepo, kenaka lipoti la ngozi, ndipo sungani lisiti iliyonse, ya mankhwala, ya X-ray, ngakhale ya takisi. Dziwitsani kampani ya inshuwalansi mwamsanga. Dziwaninso kuti milandu ndi iwiri. Woyamba ndi wa boma: kuyendetsa mosasamala, kapena kupha munthu poyendetsa moopsa, komwe kumatha kufikitsa munthu kundende ndi kumulanditsa layisensi. Wachiwiri ndi wa wovulalayo kapena banja lake, wofuna chipukuta misozi. Kugula bokosi ndi ufa wa pamaliro ndi umunthu, ndipo chitani, koma sikufafaniza mlandu wa boma.

Zosayenera: Musalandire ndalama ya pamsewu kuti nkhani ithe. Mwini galimoto atulutsa mapepala angapo a kwacha, anena kuti "kagule mankhwala, mwana wanga", anthu oonerera avomereza kuti ndi munthu wabwino, basi aliyense azipita. Thupi likadali lotentha silinena zoona. Usiku bondo litupa, mutu uyamba kuzungulira, X-ray ionetsa fupa losweka, ndipo munthu uja simudziwa ngakhale nambala ya galimoto yake. Musavomerenso kulakwa pamsewu chifukwa cha mantha kapena ulemu kwa wamkulu. Nenani zomwe zinachitika, zokhazo. Pepala la inshuwalansi lonena kuti mwalandira zonse musasaine adokotala asananene pomwe kuvulala kwathera. Ngati kampani ikuzengereza, kadandauleni ku Pensions and Insurance Authority. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Board, ndipo musachedwe, chifukwa mlandu wofuna chipukuta misozi cha kuvulala umayenera kufika kukhoti zaka zitatu zisanathe.