MTENGO PAKHOMO: BWENZI KAPENA MDANI WA DIMBA?

Alimi anzathu, ambiri a inu muli ndi abale okhala m'makomboni a ku Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Kumeneko malo ndi ocepa ndithu. Nyumba, cimbudzi, mtengo wa mango ndi kadimba ka repu zonse zili pa kabwalo kamodzi, motero mtengo ukabzalidwa molakwa, ndiwo zionongeka msanga. Phunziro lace likhudza inunso amene muli ndi dimba pafupi ndi nyumba kumudzi.

MTHUNZI

Repu, matimati ndi anyezi afuna dzuwa maola ngati 6 pa tsiku. Mango ndi kotapela ali ndi masamba othithikana caka conse, ndipo repu womera pansi pace angotalika naonda. Dziwani ici: m'dziko lathu, m'miyezi ya May, June ndi July, pamene tilima ndiwo zothirira, dzuwa liyenda cakumpoto ndipo mthunzi ugwa cakumwera. Cifukwa cace bzalani mtengo kumwera kwa dimba, osati kumpoto kwace.

MIZU

Mizu ya mtengo ipitirira pamene palekezera nthambi zace. Ku Kanyama mwala wa laimu uli pafupi ndipo dothi ndi losaya. Mizu polephera kulowa pansi iyenda cam'mbali kulondola madzi amene mayi athira pa ndiwo zace. Bulugama amamwa madzi ambiri, ndipo sayenera kukhala pafupi ndi dimba. Ngati mtengo ulipo kale, kumbani ngalande yakuya theka la mita pakati pa mtengowo ndi dimba, ndi kudula mizu imene mwaipeza. Citani ici caka ndi caka.

Musabzale mtengo waukulu pafupi ndi cimbudzi, pakuti mizu ing'amba dzenje. Kumene madzi a pansi ali pafupi, monga ku Kanyama nthawi ya dzinja, zonyansa zifika msanga m'zitsime zosaya. Madzi oipitsidwa ndiwo njira ya kolera, nthenda imene inapha anthu ambiri mu Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024.

ALENDO A MTENGO

Tisanene zoipa zokha. Mtengo uitana anchito osafuna malipiro. Mbalame zimene zitera m'nthambi zitola mbozi ndi ziwala. Pumbwa ajompha papaya wakupsa, inde, koma adyanso tizirombo tambiri. Bilimankhwe, buluzi ndi cule adya nchenche, ziwala ndi tina totere, ndipo alibe cifukwa ndi munthu. Uzani ana aleke kuwaponya miyala. Kadzidzi ena amuopa cifukwa ca kulira kwace usiku, koma cakudya cace ndi makoswe ndi mbewa zimene zitha cimanga canu.

Njuci nazo muzisunge. Dzungu lili ndi maluwa amphongo ndi aakazi payekha payekha, ndipo popanda tizirombo tonyamula ufa wa maluwa silibala. Mavu agwira mbozi kukadyetsa ana ao. Kuyambira kumapeto kwa 2016, pamene mbozi yacilendo yodya m'nsonga za cimanga inalowa m'Zambia, abwenzi otere afunika koposa kale. Mukapopera mankhwala mosasamala muwapha pamodzi ndi adani.

Koma akulu anati, walira mvula walira matope. Mango akagwa ndi kuolera pansi, mphutsi za nchenche zoboola zipatso zituluka ndi kulowa m'dothi, ndipo zikakula zibwerera ku mtengo. Tolani zipatso zakugwa masiku onse ndi kuzikwirira m'dzenje lakuya.

MASAMBA

Musatenthe masamba ogwa. Aunjikeni pamodzi ndi zitosi za nkhuku ndi phulusa pang'ono, muziwaza madzi ndi kutembenuza kufikira ataola. Ena yalani pakati pa mizere ya ndiwo kuti cinyezi cisathawe m'October. Nyongolotsi zikacuruka pamenepo, dziwani kuti nthaka yanu ili ndi moyo.

MITENGO YOYENERA

1. Pa malo ocepa bzalani papaya. Mthunzi wace ndi wocepa ndipo abala msanga.
2. Nandolo m'mbali mwa dimba achinga mphepo, apatsa ndiwo, nawonjeza conde m'nthaka.
3. Camwamba muzimdula kawiri-kawiri kuti asatalike. Masamba ace ndi ndiwo yabwino ya ana.
4. Msangu ndi wa kumunda, osati m'komboni. Uyoyola masamba nthawi ya mvula, motero cimanga cikula bwino pansi pace. Talikitsani mitengo yace mamita 10.

Tsiku lobzala mitengo m'Zambia ndi 15 December, pamene mvula yakhazikika. Lisanafike, imani pakhomo panu masana, yang'anani kumene mthunzi ugwa ndi kumene kuli cimbudzi, ndipo mukatero kumbani dzenje. Ngati mukaika za mbeu yoyenera, funsani mlangizi wa za malimidwe wa kwanu.