Malangizo Oikira Sola Yotchajira Batire Pakhomo ndi Pashopu

Kwa Mkanda ku Mchinji midzi yambiri ili kutali ndi mawaya a ESCOM, choncho ometa tsitsi, otchaja mafoni ndi oonetsa mavidiyo amadalira sola ndi batire. Ambiri amangolumikiza sola ku batire mwachindunji, kenaka n'kumadandaula kuti anagulitsidwa batire lakufa. Vuto limakhala kusowa kwa kachipangizo kotchedwa charge controller, kamene kamadula moto batire likadzaza. Popanda iko, madzi a m'batire amaphwa, batire n'kutha msanga.

1. Gulani zipangizo zogwirizana. Sola ya 100W imatulutsa moto pafupifupi 6A, choncho controller ya 10A ndi yokwanira pa batire la 12V. Kaya mukugula ku Mchinji boma kapena ku Chipata, funsani batire la sola. La galimoto silipirira kutha moto tsiku ndi tsiku.

2. Ikani sola padenga itapenya kumpoto, yopendekeka pafupifupi madigiri 15 kuti mvula izitsuka fumbi. Isagundane ndi malata. Siyani mpata wodutsa mphepo, chifukwa ikatentha kwambiri moto umachepa. Pewani mthunzi wa mtengo wa mango.

3. Batire likhale pathabwa, pouma, polowa mpweya. Likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, choncho mbaula, kandulo ndi fodya zikhale kutali. Musaliike m'chipinda chogona, ndipo ana asalifikire.

4. Khomerani controller pakhoma pafupi ndi batire. Waya akhale wonenepa, wa 4mm², komanso wamfupi. Waya wa wailesi amatentha n'kumadya moto.

5. Lumikizani mwa ndondomeko iyi: batire poyamba, sola pachiwiri, mababu pomaliza. Mukayamba ndi sola, controller ikhoza kupsa. Waya wofiira apite pa (+), wakuda pa (−). Ikani fyuzi ya 15A pa waya wofiira pafupi ndi batire. Polumikiza, vindikirani sola ndi chiguduli, ndipo vulani mphete ndi wotchi. Pomasula, yambani ndi sola.

6. Inverter, yomwe imasintha moto wa batire kukhala wonga wa ESCOM, ilumikizidwe ku batire ndi fyuzi yakeyake, osati pa controller.

7. Batire lodzaza limaonetsa 12.6V dzuwa litalowa, zinthu zonse zitazimitsidwa. Likatsika kufika pa 12.1V, latha theka, lipumitseni. M'miyezi ya mitambo ngati Januwale ndi Febuluwale, chepetsani ntchito usiku.

8. Mwezi uliwonse onani madzi a m'batire lotsekula. Thirani madzi a batire okhaokha, osati a pamjigo, ndipo musawonjezere asidi. Zoyera zomera pamitu ya batire muzipukute ndi madzi a soda, mupake girisi. M'chilimwe, fumbi ndi utsi wa lupsa zikachuluka, pukutani sola m'mawa isanatenthe.

Controller ndi yotchipa kuposa batire. Alimi anzanga, mukagulitsa mtedza kapena soya, igulireni limodzi ndi solayo.