Phunziro 27: Penti sabisa dzimbiri

Mawu a lero

dzimbiri, chitsulo, maginito, sandipepa, penti

dzi-mbi-ri
dza dze dzi dzo dzu
mba mbe mbi mbo mbu

Tiwerenge

Peugeot 404 ndi galimoto yakale. Inayamba kupangidwa ku France mu 1960. Ku France anasiya kuipanga mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza mpaka 1991. Inanyamula anthu ndi katundu m'misewu yambiri ya mu Africa. Lero zatsala zowerengeka. Imodzi ikawola, palibenso yatsopano yolowa m'malo mwake.

Mdani wa galimoto yotere ndi dzimbiri. Dzimbiri limabwera pamene chitsulo chakumana ndi madzi ndi mpweya. Tikapaka penti pamwamba pa dzimbiri, ilo limapitiriza kudya chitsulo kunsi. Pakapita miyezi penti amatupa, nasweka. Ndalama zapita, ntchito yapita. Chifukwa chake mmisiri amataya masiku ambiri kukonza thupi la galimoto asanagwire penti.

Choyamba, timatsuka galimoto ndi sopo. Timachotsa matope, mafuta ndi girizi, chifukwa penti sagwira pa mafuta. Timamasula nyali, mabampala, zogwirira zitseko ndi magalasi, ndi kuzisunga pamodzi.

Chachiwiri, timafufuza matenda. Dzimbiri limakonda malo osunga madzi: kunsi kwa zitseko, pamwamba pa matayala, popondapo mapazi ndi m'mbali mwa magalasi. Timayendetsa maginito pathupi la galimoto. Pa chitsulo maginito amagwira. Pamene sakugwira, tidziwe kuti wina anamatapo phala lochindikala kubisa dzenje.

Chachitatu, timapala penti wakale ndi sandipepa. Kumbuyo kwa sandipepa kuli nambala. Nambala yaing'ono, monga 80, ndi yokhakhala. Nambala yaikulu, monga 400, ndi yosalala. Timayamba ndi yokhakhala, kutsiriza ndi yosalala. Pa dzimbiri timapala mpaka chitsulo chiwale.

Chachinayi, chitsulo chobooka timachidula ndi kuwotchererapo chigamba cha chitsulo chatsopano. Timawotcherera pang'onopang'ono, apa kadontho, apo kadontho, chifukwa moto wambiri umapinda chitsulo chopyapyala. Popindika timawongola ndi nyundo.

Chachisanu, timamata phala la amisiri m'timaenje totsala. Phalali likhale lopyapyala. Likachindikala limang'aluka galimoto ikamagwedezeka pamsewu. Likauma timalipala ndi sandipepa wokulunga pa kathabwa, popanda madzi, chifukwa limamwa madzi.

Chachisanu ndi chimodzi, timaphimba malo osafuna penti ndi mapepala. Timapukuta fumbi lonse. Kenaka timapopera penti wapansi, amene amisiri amamutcha pulayima. Chitsulo chopalidwa chisagone pamtunda, chifukwa chinyezi cha usiku chimayambitsanso dzimbiri.

Pomaliza timayesa ntchito yathu. Timawaza penti wakuda pang'ono pamwamba pa pulayima, ndi kupalanso ndi kathabwa. Pamene patsala zakuda, pali dzenje. Timakonza, ndi kuyesanso. Thupi lonse likasalala, nthawi ya penti weniweni yakwana. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Tisamale moyo

Penti wina wakale ali ndi mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni. Fumbi lake limadwalitsa, makamaka ana. Popala tivale chophimba mphuno ndi pakamwa. Popopera penti kansalu sikakwana. Pafunika chophimba chosefa mpweya. Tisambe m'manja tisanadye. Ana asasewere pamalo a ntchito. Tisawotcherere pafupi ndi thanki ya petulo. Tisasute fodya pafupi ndi penti.

Tiyankhe

1. Kodi dzimbiri limabwera bwanji?
2. Maginito akapanda kugwira, akutiuza chiyani?
3. Sandipepa wosalala ndi uti, wa 80 kapena wa 400?
4. Chifukwa chiyani chitsulo chopalidwa sichiyenera kugona pamtunda?

Tikambirane

Makasu, njinga, ngolo ndi malata nazonso zimachita dzimbiri. Kwathu kuno timaziteteza bwanji nthawi ya dzinja?

Tilembe

Dzimbiri limadya chitsulo.
Penti sabisa dzimbiri.

Tiwerengere

Galimoto ili ndi zitseko 4. Mmisiri amapala chitseko chimodzi kwa maola 3. Kodi zitseko zonse zimutengera maola angati?