Pakhonde pa Azakhali: Foni yandiyalutsa

Azakhali,

Ndine bambo wapabanja, ndimapikula chimanga ku Milange n'kumagulitsa pamsika wa Limbuli. Foni yanga ndinaitchera kuti ikakhala yokiya isamaonetse uthenga. Sabata yatha inapempha update, ine n'kuvomera. Kutacha ndili kubafa, mayi akunyumba anawerenga pagalasi uthenga wochokera kwa "Makaniko" wakuti, "Ndakusowa, ubwera liti?" Panopa ndikugona pabalaza. Kodi opanga foniyi ndikawasumire kuti?

Wothedwa Nzeru, Limbuli

Mwana wa achimwene anga,

Koma ndiye uli ndi makaniko wachikondi! Ena tonsefe amangotiuza mtengo wa sipoko, iwe mpaka kukusowa?

Pa nkhani ya foniyo sukunama. Update imagwetsa zakale n'kumanga zatsopano, ndipo nthawi zina zimene mwini anatchera zimabwerera momwe zinalili pochoka kufakitale. Mu Novembala 2015, Microsoft inayamba yaimitsa update ya Windows 10 itaona kuti ikufufuta zimene anthu ena anasankha pa zinsinsi zawo. Mu 2018, Facebook inavomera kuti pulogalamu yake inalakwitsa, moti zolemba za anthu pafupifupi 14 miliyoni zinkatuluka poyera eni ake akuganiza kuti akunong'oneza anzawo okha. Ndiye si mfiti za kwanu, ayi.

Tsono tchera khutu. Update ikangotha, usathamangire kuona ma status. Lowa mu Settings, pita pa Notifications, upeze pa lock screen, usankhe kuti mawu a uthenga asamaoneke foni ili yokiya. Kenako suzumira pa Location ndi pa Permissions, uone mapulogalamu amene akuloledwa kugwiritsa ntchito kamera, maikolofoni ndi manambala a anthu ako. Tochi ikufuna manambalawo kuti iwalitse chiyani? Ikanize. Koma usati uleke kupanga update chifukwa chopsa mtima, poti ndi imene imatseka mipata yolowera akuba.

Chondidetsa nkhawa ine si Makaniko. Ndi ndalama za chimanga. Magetsi akazima umasiya foni potchajitsa pamsika, ili chagada pakati pa mafoni a eni ake. Wina akakutumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga umabwera ndi zotsala zonse, ndipo aliyense wodzatenga foni yake wawerenga. Manambala 6 otsegulira WhatsApp yako pafoni ina amabweranso pagalasi lomwelo. Wakuba sasowa kuthyola kiyi, amangofunika maso.

Zosuma? Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo oliyang'anira ndi a MACRA. Koma ukakafika kumeneko ukayamba bwanji? "Bwana, foni yaulula chibwenzi changa"? Akakupatsa mpando kuti akuseke bwino.

Update inangotsegula zenera, mwanawe. Uthengawo sinalembe, ndipo dzina la Makaniko unasunga ndi chala chako. Paja akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndiye taona, wanyowa pabalaza.

Itana ankhoswe Loweruka lino. Gula chitenje chabwino, osati chotsala pakaunjika, ukagwade upepese. Makanikoyo umuuze kuti njinga inachira, ndipo nambala yake uifufute mayi akunyumba akuona.

Ndine Azakhali ako