Land Cruiser yanga yakalamba: ndiikonze kapena ndiigulitse?

FUNSO

Ndili ndi Toyota Land Cruiser VX ya 2003, ya dizilo, yomwe yayenda makilomita oposa 300,000. Ndimapita nayo ku Karonga kukapikula mpunga. Masiku ano ikumatentha ndikamakwera Chiweta pobwerera, kumbuyo ikumatsika ndikanyamula katundu, ndipo m'mawa wina kumalira kabelu pamodzi ndi kuyaka kwa nyali ya mabuleki. Makanika wina akuti zonsezi n'zazing'ono, wina akuti ndiigulitse isanandimalize. Ndimvere ndani, nanga ndikonzekere ndalama zingati?

Wowerenga wathu, Kasungu

YANKHO

Bambo, musatsikenso Chiweta mpaka wina ataona za kabeluko. Ndayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa ndiyo ikhudza moyo wanu ndi wa anthu amene mumawanyamula.

Land Cruiser 100 ngati yanuyo, yomwe Toyota idapanga kuyambira 1998 mpaka 2007, mu mtundu wa VX mabuleki ake amadalira kamota ka magetsi kamene kamapopa mafuta a mabuleki n'kuwasunga opanikizika m'kabotolo kachitsulo. Kabelu kakalira, ndiye kuti mphamvu yosungidwayo yachepa, ndipo kamotako kakafa phazi lanu lokha silingaimitse galimoto yolemera matani awiri ndi theka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Zimitsani injini, pondani mabuleki ka 40, kenako tsegulani kiyi osaliza injini. Kamota kayenera kung'ung'udza masekondi 30 kapena 40 n'kusiya. Kakapitiriza, pali vuto. Chipangizo chonsecho chatsopano ndi chimodzi mwa zodula kwambiri pagalimotoyi, koma kawirikawiri chimene chafa ndi kamota kokha kapena mawaya ake amene adadyeka ndi mafuta otayikira, ndipo wodziwa zamagetsi a galimoto amatha kukonza. Apa sindikulangizani kugula cha kaunjika chimene simudachione chikugwira ntchito.

Tsopano za kutentha. Injini yanu ndi 1HD-FTE, ya malita 4.2 ndi masilinda asanu ndi limodzi, ndipo makilomita mwatchulawo si ambiri kwa iyo ngati idasamalidwa. Chimene chimaipha si ukalamba koma kuwira. Tsegulani boneti muone pamwamba pa redieta: pulasitiki wakeyo amakhala wakuda akadali wabwino, akasanduka wofiirira ndiye kuti wapsa ndipo angang'ambike tsiku lililonse. Galimoto imene imatentha pachitunda pokha, pamalo athyathyathya ili bwino, nthawi zambiri redieta yake yatsekeka ndi dzimbiri la madzi a pamjigo, kapena kilatchi ya fani yatha mafuta ake ndipo fani sikukokanso mphepo yokwanira. Sinthani redieta, thermostat, mapaipi onse a rabara ndi chivindikiro chake nthawi imodzi, muthiremo coolant osati madzi okha. Mukatero mudzalipira kamodzi. Mukadikira kuti iwire, mudzalipira zomwezo kuphatikiza gasiketi, kupala silinda hedi, mwinanso hedi ina ngati yang'ambika, ndipo mtengo wake umaposa woyambawo kangapo.

Makanika akadali pomwepo, mufunseni za lamba wa timing. Painjini imeneyi amasinthidwa pa makilomita 150,000 aliwonse, choncho wachiwiri nthawi yake yakwana. Lambayo si wodula. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amagunda mavalavu, ndiye kuti mwalowa m'ntchito yotsegula injini. Ngati palibe pepala kapena sitika yosonyeza tsiku limene adasinthidwa, muyeseni wakale. Pampu ya dizilo nayo ndi yoyendetsedwa ndi kompyuta ndipo sigwirizana ndi madzi kapena fumbi. Ndikudziwa kuti mafuta akasowa pamafilingi munthu amakakamizika kugula a m'zigubu, koma muziwasefa, ndipo fyuluta ya dizilo muziisintha msanga.

Kutsika kwa kumbuyo kukusonyeza kuti yanuyo mwina ili ndi AHC, makina okweza ndi kutsitsa galimoto ndi mafuta, amene alinso mu Lexus LX470. Masipuling'i akumbuyo akatopa, katundu yense amagwera pa pampu, ndipo ikalemedwa imangoitsitsa galimoto. Matumba a mpunga amafulumizitsa zimenezi. Palinso mipira inayi yachitsulo yokhala ndi mpweya wa nitrogen mkati. Ikatha, galimoto imadumphadumpha pamsewu. Yang'anani mizere ya pakabotolo ka mafuta a AHC, mukweze galimoto kuchoka pansi penipeni kufika pamwamba penipeni: mafuta akatsika ndi mizere yosakwana 7, mipirayo yatha. Chonde, musalole aliyense kuthiramo mafuta a mabuleki kapena a giyabokosi, amawononga rabara wa mkati. Kwa munthu wonyamula katundu ngati inu, maganizo anga ndi oti muchotse AHC yonse, muike mashoka ndi masipuling'i wamba olimba pamodzi ndi ma torsion bar ake akutsogolo. Kufewa kwake kudzachepako, koma makanika aliyense wa ku Kasungu kapena ku Rumphi adzatha kuigwira.

Pa ndalama, mtengo wa m'makwacha umene ndingalembe lero sungakuthandizeni mwezi wa mawa. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene masipeya a galimotoyi amachokera ku Dubai, Johannesburg ndi Japan ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Chimene sichisintha ndi kukula kwa galimotoyo. Injini imamwa oyilo pafupifupi malita 11 pa sevisi imodzi, pamene Corolla imakhuta ndi anayi. Zambiri za dizilo za mtunduwu zili ndi mabatire awiri. Tayala lake limodzi limagula angapo a galimoto yaing'ono. Land Cruiser yanu idatsika mtengo pogula, koma pokonza ikadali galimoto ya mabwana. Funsani mitengo m'masitolo atatu, kwa dila, ku Malangalanga ku Lilongwe ndi ku Limbe, ndipo pa lamba, pampu ya madzi ndi za mabuleki gulani zenizeni ngakhale zikhale zowawa m'thumba. Pa mabushi ndi mashoka mukhoza kusankha za makampani ena odziwika.

Musanatulutse tambala, ikwezeni pa dzenje la kugalaja. Muone ngati tchesi ili ndi dzimbiri lobowola, ngati mikono ya m'munsi ya kutsogolo yang'ambika pamene pamangidwa torsion bar, ndiponso ngati raki ya chiwongolero ikudontha. Makanika ayesenso ngati mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi a redieta. Zonsezi zikapezeka bwino, isungeni, mukonze mabuleki sabata ino, redieta ndi lamba musanapitenso ku Karonga, AHC mukagulitsa mpunga. Koma tchesi ikakhala yowola, kapena hedi itang'ambika kale pamwamba pa mavuto atatu mwatchulawo, makanika wachiwiri uja wanena zoona: igulitseni, ndipo wogulayo mumuuze za mabulekiwo.