Malangizo: Mendulo za Agogo a Keyala

Lero tikambe za mendulo zomwe agogo athu anabwera nazo kuchokera ku Keyala, gulu la King's African Rifles. Anyamata ambiri achiyao analembedwa usilikali ku Zomba, ena anakamenya nkhondo mpaka ku Burma mu 1944.

Mukaipeza mendulo m'sutikesi yakale, chonde musaikweche ndi phulusa kapena mchenga ngati mphika. Ipukuteni ndi kansalu kofewa, kouma. Kansalu kamitundumitundu kopachikira menduloyo musakachape kapena kukachotsa ngakhale kasuluke, chifukwa mitundu yake imasonyeza nkhondo yomwe mwini wake anamenya. Yang'anani m'mbali mwa menduloyo: mendulo za nkhondo ya 1914 mpaka 1918 zimakhala ndi nambala ndi dzina la msilikali. Zambiri za nkhondo yachiwiri, monga Burma Star, zilibe dzina, n'chifukwa chake mapepala a msilikaliyo otulukira usilikali ndi ofunika kwambiri. Sungani zonse pamodzi m'kabokosi kotseka bwino, kutali ndi chinyontho ndi chiswe.

Akabwera munthu wofuna kugula, musathamangire ndalama. Ndipo ngati agogo aakazi akadali moyo, khalani nawo pamphasa madzulo ano, akuuzeni komwe amuna awo anapita, inu mulembe m'kope.