Bakha Wowotcha ndi Msuzi wa Malalanje: Ndiwo ya Alendo

Pakhomo pakamveka zoti kukubwera alendo, anthu amathamangitsa nkhuku, abakha ali yakaliyakali pabwalo. Ambiri amati bakha amakola msanga komanso ali ndi kafungo. Zonsezi zimatheka kuthana nazo: mafuta mumawakhetsa powotcha, otsalawo amagonja ku msuzi wowawasira wa zipatso. Ophika a ku France amadyera bakha msuzi wa malalanje owawa a mtundu wa Seville. Ife tingafikepo pophatikiza malalanje wamba ndi ndimu, kapena manachesi a ku Mwanza m'nyengo yozizira.

Zofunika

Bakha mmodzi wa makilogalamu 2 amakwanira anthu anayi basi, chifukwa mnofu wake si wambiri. Alendo akakhala asanu ndi atatu, iphani awiri. Pezaninso malalanje 4, ndimu 1, masupuni 3 a shuga, masupuni 3 a viniga, anyezi 1, kaloti 1, adyo, mchere ndi tsabola wakuda.

Abakha ambiri a m'midzi ndi a mtundu wa Muscovy. Nyama yawo ndi yofiira, yopanda mafuta ambiri ngati ya abakha a mtundu wa Pekin, ndipo wamphongo amalemera pafupifupi kawiri kuposa wamkazi. Sankhani wanthete wa miyezi itatu kapena inayi. Wokalamba musamuwotche, muduleni nthuli, muwiritse pang'onopang'ono mpaka afewe, msuziwu muthire pomaliza.

Dzulo lake

Sosolani nthenga zonse, timaubweya totsala muwawule pamoto. Pamwamba pa mchira pali kachotupa komwe bakha amatengako mafuta odzola nthenga zake. Kaduleni konse, poti kafungo kambiri kamachokera pamenepo. Chotsaninso zibuma za mafuta zomwe zili pakhomo pa mimba.

Bayanibayani khungu ndi foloko pachidale ndi m'ntchafu. Foloko ipendeke, ilowe m'khungu mokha osafika pamnofu. Pakani mchere ndi tsabola mkati ndi kunja, mumuike mufiriji osavindikira kuti khungu liume.

Khosi, nthutumba ndi nsonga za mapiko zikazingeni ndi anyezi, kaloti ndi adyo. Thirani makapu 3 a madzi, ziwire kwa ola limodzi mpaka patsale kapu imodzi. Sefani, musunge mufiriji.

Kuwotcha

Yambani patatsala maola awiri ndi theka kuti alendo adye. Tenthetsani uvuni kufika pa 180°C. Ikani lalanje lodula pakati m'mimba mwa bakha, mumugoneke pawaya pamwamba pa thileyi kuti asasambire m'mafuta ake. Pakapita mphindi 30 zilizonse, tsanulirani mafuta okhawo m'kambale. Musataye, ndi okoma kukazingira kachewere.

Bakha wa kukula kotere amapsa pa ola limodzi ndi theka kapena kupitirirako pang'ono. Bayani pantchafu pafupi ndi fupa: madzi otuluka akhale oyera, osati ofiirira. Ngati muli ndi choyezera kutentha, pafike 74°C. Khungu likakhala lotuwa, kwezani moto kufika pa 220°C kwa mphindi 10 zomaliza.

Opanda uvuni agwiritse ntchito poto wamkulu wachitsulo pambaula. Makala akhale ochepa pansi, ambiri pachivindikiro, ndipo bakhayo muzimutembenuza nthawi yomwe mukutsanula mafuta.

Msuzi

Apa mpofunika maso. Palani khoko la lalanje limodzi mopepuka, osatengako choyera cha mkati chifukwa chimawawa. Liduleniduleni tizingwe, muwiritse kwa mphindi 2, madziwo mutaye. Finyani malalanje atatu otsalawo, kuphatikizapo lopalidwalo, ndi theka la ndimu.

Ikani shuga yekha m'kapoto pamoto wochepa, osatakasa. Ayamba kusungunuka m'mbali, kenako afiira ngati uchi. Pomwepo phulani, muthire viniga mutaimira patali, chifukwa zimathovoka n'kutulutsa nthunzi yotsamwitsa. Mukachedwa pang'ono shuga amada, ndipo wakuda alibe pokonzera, koma kuyambanso. Bwezerani pamoto, thirani madzi a malalanje ndi msuzi wa khosi ndi nthutumba uja, ziwire mpaka zitsale theka n'kumakakamira kumsana kwa supuni. Ikani makoko ndi mchere, mulawe. Kukatsekemera kwambiri onjezani ndimu, kukawawasa kwambiri kashuga pang'ono.

Popereka

Bakha akapsa, musiyeni apume mphindi 15 musanadule, apo ayi madzi ake onse athera pathabwa. Patulani ntchafu, chidale muchicheke mopyapyala kuti aliyense alaweko. Msuzi uperekeni m'kambale kapadera, chifukwa ukathiridwa msanga umanyowetsa khungu lomwe mwavutikira. Mpunga wa Kilombero, kachewere wokazinga m'mafuta aja ndi masamba ofwafwaza zimayenda nawo bwino. Ngati simunaphikepo, yambani mwayesera pa banja lanu Lamlungu lina alendo asanabwere.